Mmene mungaonere chithunzi cha penti wa mafuta: chigwa cha Dedham cha John Constable

Munthu akaima kutsogolo kwa chithunzi cha chigwa chabata, amangoti "koma ndiye n'chokongola", basi n'kudutsa. Ofufuza ena anawerengapo nthawi imene alendo amaima pa chithunzi chimodzi ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo zimene anafalitsa mu 2001 zinasonyeza kuti ndi masekondi ngati 27 okha. M'kanthawi kameneko maso amangotola mtengo, mtsinje ndi tchalitchi. Bata limene munthu akulimva saona kumene likuchokera, chonsecho bata limenelo ndi ntchito ya manja. Wojambula anachita kulimanga, ndipo mukaona mwadongosolo mukhoza kupeza pamene anaika njerwa iliyonse.

Tigwiritsa ntchito chithunzi chimodzi chenicheni, The Vale of Dedham, chimene John Constable anachionetsa koyamba ku Royal Academy, bungwe la akatswiri a zojambula la ku London, mu 1828. Lero chili ku Scottish National Gallery mumzinda wa Edinburgh, kumene kulowa n'kwaulere. N'choimirira, pafupifupi masentimita 145 kutalika ndi 122 m'lifupi. Chikuonetsa chigwa cha mtsinje wa Stour, womwe ndi malire a zigawo za Suffolk ndi Essex kummawa kwa England. Constable anabadwira komweko, m'mudzi wa East Bergholt, mu 1776, ndipo bambo ake anali ndi zigayo zoyendera madzi pamtsinjewo. Apo ndi apo titchulanso chithunzi chake china chotchuka kwambiri, The Hay Wain cha mu 1821, chomwe chili ku National Gallery ku London.

Poyamba, konzani malo oima ndi nthawi

Patulani mphindi 15 za chithunzi chimodzi. Kapepala ka pakhoma kofotokoza dzina ndi chaka musayambe mwakawerenga, chifukwa mukatero maso amangofunafuna zimene mwawerengazo.

Imani pa mtunda wa mamita atatu, moyang'anana ndi pakati pa chithunzi. Pa chithunzi china chilichonse, yezani ndi maso kuchokera pakona ya pansi kufika pakona ya pamwamba ya mbali inayo, ndipo muime pa mtunda woposa pamenepo ndi theka. Chithunzi cha mafuta chimapakidwa vanishi pamwamba, ndipo vanishiyo amanyezimira ngati galasi. Mukaona chigamba choyera mbee pamene payenera kukhala masamba akuda, sunthani phazi limodzi kumanzere kapena kumanja mpaka chichoke.

Amene simungafike ku Edinburgh, tsegulani chithunzichi pa webusaiti ya nyumba yosungira zithunziyo, osati chimene wina watumiza pa WhatsApp, popeza chimenecho chimakhala chitafinyidwa mpaka timizere ta burashi tonse kufafanizika. Kompyuta imaposa foni. Zimitsani kasefa wa usiku amene amapangitsa sikirini kukhala yachikasu, apo ayi mudzaweruza mitundu yolakwika.

Gawo loyamba: tsinzinani pang'ono

Muli patali pomwepo, tsinzinani maso osawatseka konse, mpaka masamba ndi nthambi zisiye kuoneka chimodzichimodzi. Chimatsala ndi zigamba zikuluzikulu za mdima ndi kuwala. Pa chithunzi cha Dedham mupeza mdima wandiweyani pansi ndi kumanja kumene kwaima mitengo italiitali, ndipo pakati patseguka mpata wowala umene ukupita kutali mpaka kukalumikizana ndi thambo. Ngati kutsinzina kukukuvutani, jambulani ndi foni, popanda fulashi, n'kusintha chithunzicho kuti chikhale chakuda ndi choyera.

Ichi ndiye chigoba cha chithunzi. Chikakhala cholimba, zigambazo zimakhala zochepa, zitatu kapena zinayi, ndipo chilichonse chili ndi maonekedwe ake omveka. Wojambula wosazolowera amamwaza kuwala ponseponse mofanana, pofuna kuti chilichonse chioneke bwino, ndiye mukatsinzina zonse zimangosanduka phala lotuwa. Chithunzi chotero chimatopetsa ngakhale tsamba lililonse litajambulidwa mosamala.

Gawo lachiwiri: pezani pamene wojambula anaima, ndi njira imene wakulambulirani

Funani mzere wa m'chizimezime, pamene dziko lakumana ndi thambo. Mzere umenewo nthawi zonse umakhala pa msinkhu wa maso a amene akuyang'ana. Mukamaona madenga a nyumba ndi minda yoyalidwa ngati mphasa pansi panu, ndiye kuti wojambula anali pamtunda. Constable anaima pa kaphiri ka Gun Hill, pafupi ndi mudzi wa Langham, akuyang'ana kummawa kumene mtsinje ukukathira m'nyanja. Kuima pamwamba chonchi ndi mbali ya bata lija: muli pamthunzi, palibe chikukufikirani, dziko lonse lagona phee kumunsi.

Tsopano lolani maso ayende okha, koma muziwalondola. Ambiri amayambira pansi pamdima, n'kutsetsereka kudutsa mpata wa pakati pa mitengo, n'kugwera pamtsinje umene ukupindikapindika, n'kukaima pa nsanja ya tchalitchi cha Dedham, yotalika pafupifupi mamita 40. Nsanjayo pachithunzi ndi kanthu kakang'ono, koma ndi chinthu chowongoka pakati pa zinthu zogona, ndiye imagwira diso ngati chikhomo. Kuchoka apo maso amakwera m'mitambo, mitengo ya kumanja n'kuwatsitsanso pamene anayambira. Ikani chala chanu m'mwamba kuti chibise nsanjayo, osakhudza chithunzi, muone mmene pakati pakhalira pa zii.

Kamangidwe kameneka Constable sanakatole kuthengo. Sir George Beaumont, munthu wachuma amene ankamulimbikitsa ali mnyamata, anali ndi kachithunzi ka mu 1646 ka Claude Lorrain, wojambula wachifalansa, kotchedwa Hagar and the Angel, ndipo ankakakonda mpaka kumayenda nako paulendo. Constable anakaphunzira mosamala, ndipo mu 1802 anajambula chigwa cha kwawo motsatira dongosolo lomwelo: mitengo mbali imodzi ngati katani, mdima patsogolo, kuwala kutali. Chithunzi chaching'ono cha 1802 chili ku Victoria and Albert Museum ku London. Cha 1828 ndi kubwerera ku malo omwewo patatha zaka 26. Mukaika zitatuzi pambali ndi pambali pa sikirini, muona kuti chimene chimaoneka ngati malo ongopezeka chili ndi pulani yobwereka kwa munthu amene ankajambula ku Rome zaka pafupifupi 180 m'mbuyomo.

Gawo lachitatu: yesani mtunda

Nsalu ndi yafulati, koma maso akukuuzani kuti pali makilomita ambiri. Kuchepa kwa zinthu zakutali ndi njira imodzi chabe, ndipo ndi yosavuta. Njira yaikulu ndi ya mpweya. Aliyense amene anaonapo phiri la Mulanje ali kutali m'mwezi wa Okutobala, utsi wa moto wolusa ndi fumbi zitadzaza mlengalenga, akudziwa kuti phiri limene pafupi ndi la miyala ndi mitengo yobiriwira, patali limasanduka lotuwa mopita ku buluu, lopanda mizere yakuthwa. Mpweya wa pakati pa inu ndi phirilo umamwaza kuwala, ndipo mtunda ukamakula zinthu zitatu zimachitika limodzi: mdima umapepuka, mitundu imazizira kupita ku buluu, ndipo m'mphepete mwa zinthu mumafewa.

Yesani zimenezi pachithunzi. Pindani chala chachikulu ndi cholozera kuti mupange kabowo ngati ka ndalama yachitsulo, ndipo musuzumire pamalo atatu motsatizana: mthunzi wa pansi pa mitengo yapafupi, mthunzi wa mitengo yozungulira tchalitchi, ndi dziko lomalizira pafupi ndi thambo. Woyamba ndi wakuda mopita ku khofi. Wachiwiri ndi wobiriwira mofooka. Chachitatu chatsala pang'ono kufanana ndi thambo lenilenilo. Kabowoko kamathandiza chifukwa ubongo umanama: umadziwa kuti mtengo ndi wobiriwira, ndiye umakuuzani kuti mitengo yonse ndi yofanana mpaka mutaupatula mtunduwo pawokha.

Pano ndi pamene zithunzi zambiri zogulitsa m'misewu zimagwera. Phiri lakutali likapakidwa penti wakuda mofanana ndi mtengo wapafupi, limalumphira kutsogolo n'kukhala ngati lamera pamutu pa nyumba.

Gawo lachinayi: dzuwa lili kuti, ndipo kunja kukuti bwanji

Pezani mbali ya mitengo ndi ya mitambo imene yawala, kenako muone kumene mithunzi yagwera. Zonse ziyenera kuloza dzuwa limodzi. Mithunzi ifupiifupi ndi masana, italiitali ndi mmawa kapena madzulo. The Hay Wain poyamba inaonetsedwa ndi dzina lakuti Landscape: Noon, ndiye kuti wojambulayo anatchula yekha nthawi ya tsiku, ndipo mukhoza kumuyesa ngati ananena zoona.

Thambo lipatseni mphindi zitatu zathunthu, chifukwa kwa Constable silinali khoma la buluu lodzazira mpata. Mu 1821 ndi 1822 ankakhala panja ku Hampstead, kumtunda kwa London, akujambula mitambo yokhayokha papepala ndi penti wa mafuta, ndipo kumbuyo kwa mapepala ambiri ankalemba tsiku, ola ndi kumene mphepo ikuchokera. Mwana wa mwini chigayo, amene anagwirapo ntchito pa chigayo choyendera mphepo, nyengo ankaiwerenga ngati mlimi. Onani kuti mitambo yake ili ndi pansi pakuda pafulati ndi pamwamba powala potukumuka, ndipo yakutali ikuchepa n'kuthithikana pamene ikuyandikira m'chizimezime, monga mmene minda ikuchitira pansi. Mitambo yojambulidwa ngati thonje lomata, yofanana kukula kuyambira pamwamba mpaka pansi, imapha mtunda wonse umene wojambula anavutika nawo m'chigwa.

Kenako tsitsani maso muone zimene mitamboyo ikuchita pansi. Chigwa sichinawale chonse mofanana. Pali timadera ta dzuwa ndi timadera ta mthunzi, ndipo mthunzi uliwonse ndi wa mtambo umene ukudutsa. N'chifukwa chake chithunzichi, ngakhale ndi chabata, sichioneka chakufa: mukudziwa kuti pakatha mphindi zisanu kuwala kukhala kutasamukira munda wina. M'malingaliro athu apa ndi pamene Constable anamuposa Claude. Kwa Claude dzuwa limakhala ngati laima mpaka kalekale, pamene kwa Constable mvula ikhoza kukupezani musanafike kumudzi.

Gawo lachisanu: senderani pafupi, muone penti

Yandikirani mpaka theka la mita, kapena pamene chingwe cha alonda chikulolerani, manja ali kumbuyo. Pa kompyuta kulitsani mpaka nsalu iyambe kuoneka ulusi. Mitengo imatha, pamatsala madontho, mikwasa ndi zibuma za penti. Anthu ena amakhumudwa pamenepa, amati ntchito yake ndi yosamaliza. Owonera a nthawi ya Constable ankadandaula chimodzimodzi.

Kuti mumvetse zimene mukuona, dziwani mmene penti ameneyu alili. Ndi ufa wa utoto wopera pamodzi ndi mafuta, kawirikawiri a njere za linseed. Sauma chifukwa chakuti madzi auluka ayi. Mafutawo amakoka okosijeni mumpweya n'kulimba pang'onopang'ono, ndiye pamwamba pamatenga masiku angapo kuti pagwirike, ndipo penti wokhuthala amafuna miyezi 6 mpaka chaka asanapakidwe vanishi. Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumapatsa wojambula mpata wosakaniza mitundu pansalu pomwepo, kupala zimene zalakwika, ndi kuyala penti wina pamwamba pa wina. Chithunzi chachikulu ngati ichi sichinajambulidwe paphiri paja. Chinamangidwa m'chipinda chojambulira ku London, kuchokera ku zojambula zing'onozing'ono za kale. Ngakhale machubu a penti kunalibe, anabwera mu 1841 Constable atamwalira kale mu 1837, ndipo penti wopera ankasungidwa m'tizikhodzodzo ta nkhumba tomanga ndi ulusi.

Funani zinthu izi. Choyamba ndi penti wapansi. Nsalu imayamba yapakidwa penti woyalira, ndipo Constable ankakonda wofiirira ngati dothi lakatondo losuluka. M'malo amthunzi ndi m'mipata ya masamba, mtundu umenewu umasuzumira, ndipo ndi umene umachititsa kuti zobiriwira zake zikhale zofunda. Chachiwiri ndi kusiyana kwa makulidwe: m'mithunzi penti ndi wopyapyala, woonekera mkati ngati tiyi wopanda mkaka, pamene powala ndi wokhuthala mpaka kutukuka, zimene akatswiri amati impasto. Penti wotukukayo amagwira kuwala kwenikweni kwa m'chipinda, ndiye amawala kuposa mmene utoto wokha ungawalire. Chachitatu ndi timadontho toyera tomwazika pamasamba, paudzu ndi pamadzi, tambiri toikidwa ndi kampeni kosakanizira penti. Ankafuna kugwira kung'anima kwa tsamba lonyowa mphepo ikalitembenuza. Omutsutsa anatitcha chipale cha Constable pomuseka. Bwererani mamita atatu aja mukuyang'anabe pamalo omwewo, ndipo pa mtunda wina timadonthoto timasiya kukhala penti n'kuyamba kuthwanima. Pitani ndi kubwera kawiri kapena katatu, chifukwa kusandulika kumeneku ndiko kukoma kwenikweni kwa chithunzi cha mafuta, ndipo chosindikiza sichingakupatseni.

Werenganinso mitundu ya zobiriwira. Mupeza yopita ku chikasu, yopita ku buluu, yopita ku khofi, yotuwa, zonse zoyandikana m'timikwasa tating'ono. Pa nthawiyo anthu ankakhulupirira kuti chithunzi chabwino cha malo chiyenera kukhala cha bulauni. Pali nkhani imene imakambidwa yakuti Beaumont atanena kuti mtundu woyenera ndi wa vayolini yakale, Constable anatenga vayolini n'kukaigoneka pa kapinga wa panja kuti mkuluyo adzionere yekha kusiyana kwake.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: siyanitsani dzanja la wojambula ndi dzanja la zaka

Si zonse zimene mukuona zimene mwiniwake anafuna. Vanishi wakale wa utomoni wa mitengo amasanduka wachikasu, ndiye thambo la buluu limaoneka lobiriwira ndipo mitambo yoyera imakhala ngati yapsa ndi utsi. Bulauni uja Beaumont ankamukonda mbali ina anali vanishi wokalamba. Timing'alu tosalala ngati ukonde wa kangaude ndi ukalamba wamba: nsalu imafufuma ndi kunyala chinyezi chikamasintha, pamene penti wolimba sangatambasuke nayo. Ming'alu ikuluikulu yotseguka ngati matope a padambo louma ndi vuto lina, la kajambulidwe. Imabwera pamene penti wouma msanga wayalidwa pamwamba pa wamafuta ambiri amene sanalimbe, ndipo n'chifukwa chake ophunzira amauzidwa kuti mafuta azichuluka pamene akukwera pamwamba, osati pansi.

Penti wa mafuta akamakalamba amayambanso kuonekera mkati, ndipo zimene wojambula anafufuta zimatulukira ngati mzukwa. Pa The Hay Wain, m'mphepete mwa madzi pafupi ndi kagalu, pali chithunzithunzi cha chinthu chimene anachifufuta. Pa chojambula chake chokonzekera, chachikulu mofanana, chomwe chili ku Victoria and Albert Museum, pamalo amenewo pali munthu wokwera hatchi.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: ndani alimo, ndani mulibe

Tsopano bwererani pansi pamdima paja pa chithunzi cha Dedham. Ambiri amachoka osaona kuti pali munthu. Mayi wa mtundu wa anthu oyendayenda a Romani wakhala pansi ndi khanda m'manja, pambali pa kamsasa ndi kamoto. Chofunda chake ndi chofiira, ndipo kwa wojambula ntchito yake ndi yodziwika: kadontho kofiira pakati pa zobiriwira kamadzutsa zobiriwirazo, monga mmene zofiira za pa zomangira mahatchi zimachitira pa The Hay Wain. Bisani mayiyo ndi chala muone mmene patsogolo pazimira.

Koma iye si kadontho chabe. Chigwa chonse chowala, cha minda ndi ziweto ndi tchalitchi, chili kumbuyo kwake, ndipo iye ali kunja, pamthunzi, wopanda denga. Zaka zimenezo kumidzi ya kummawa kwa England kunalibe mtendere umene chithunzi chikuonetsa. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, aganyu a m'minda anasauka kwambiri. Kunabuka zipolowe mu 1816, zinanso mu 1822 pamene anthu ankaswa makina opunthira tirigu ndi kutentha milu ya udzu, ndipo mu 1830 zinafalikira kummwera ndi kummawa konse. Constable anali wa banja la eni zigayo, ndipo anthu ogwira ntchito m'zithunzi zake amakhala aang'ono, akutali, osaoneka nkhope. Pa The Hay Wain omweta udzu muyenera kuchita kuwasaka kumanja, patali m'dambo. Kudziwa izi sikuchotsa kukongola kwa chithunzi, koma kumakuuzani kuti bata limenelo ndi la munthu amene anaima pamwamba pa phiri akukumbukira ubwana wake. Funsani funso lomweli pa chithunzi chilichonse cha mudzi wabata: amene analima minda imeneyi ali kuti?

Apa ndiye werengani kapepala ka pakhoma kaja. Chaka cha 1828 n'chimene mkazi wake Maria anamwalira ndi chifuwa chachikulu, mu Novembala, chithunzichi chitaonetsedwa kale. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 52, anasankhidwa kukhala membala wathunthu wa Royal Academy. Kwawo anachedwa kumulandira: The Hay Wain sinapeze wogula ku London mu 1821, koma itaonetsedwa ku Paris mu 1824 Constable anapatsidwa mendulo ya golide.

Ngati chithunzicho n'chogula kapena cha pakhoma panu

Njira yomweyi imagwira pa chithunzi cha mudzi kapena cha kunyanja chimene mmisiri wakwanu akugulitsa, kungoti pamenepo muli ndi ufulu wochitembenuza. Yatsani tochi ya foni ndipo muiwalitse chammbali, moyandikana ndi nsalu. Penti weniweni amaponya timithunzi, ndipo zitunda zake zimatsatira chinthu chojambulidwacho: mkwasa wa nthambi umayenda ndi nthambi. Chosindikiza chimakhala chosalala, kapena chimakhala ndi zitunda za mankhwala oonekera mkati zopakidwa mwachisawawa zimene sizikugwirizana ndi chithunzi cha pansi pake. Kulitsani ndi kamera ya foni, ndipo mukaona timadontho tofanana tondandalikana mwadongosolo, ameneyo ndi makina. Funsaninso wojambulayo ngati ndi mafuta kapena akiriliki, penti wosungunula ndi madzi wouma msanga, chifukwa patali zimafanana, ndipo ngati ndi mafuta mufunse tsiku limene anamaliza. Chosauma bwino chikakulungidwa kapena kukutidwa ndi pulasitiki, penti amamatirira. Chikafunika kupindidwa ngati mphasa, penti akhale kunja, osati mkati, kuti asafinyike n'kusweka.

Pochipachika, pakati pake pakhale pafupifupi masentimita 150 kuchokera pansi. Pewani khoma limene dzuwa limawomba mwachindunji, khoma lochita chinyezi nthawi ya dzinja, ndi pafupi ndi khitchini kapena mbaula, popeza utsi umakakamira pa vanishi. Ikani timitengo tiwiri kumbuyo kwa felemu, kumakona a pansi, kuti mpweya uzidutsa ndipo nkhungu isamere. Fumbi muzichotsa ndi burashi yofewa youma, mopepuka, kuchokera pamwamba kutsika, ndipo pokhapokha ngati penti sakusendeka. Madzi, sopo, palafini ndi mafuta ophikira zisayandikire. Pamene penti wayamba kutukuka ngati mamba a nsomba, chotsani chithunzicho pakhoma, muchigoneke chagada pamalo ouma, ndipo musachipukute mpaka wodziwa kukonza zithunzi atachiona.